Kakhadi Kamene Kanaphika Mazira

Bambo Josiah anawotcherera zitsulo ku Area 23 kwa zaka zoposa makumi awiri. Maso atayamba kuwavuta, anaganiza zochepetsa ntchito ya moto n'kuyamba kuswetsa mazira. Anagula filiji yakufa ya zitseko ziwiri kwa munthu wina wa golosale ku Biwi, n'kuichotsa zam'kati zonse. Anawotcherera mathireyi otha kupendekeka uku ndi uku, anaika mababu anayi otenthetsa, kafani, ndi beseni la madzi pansi. Bokosilo linatuluka bwino. Chinkasowa n'choti chizililamulira: kuyatsa mababu kukazizira, kuwazimitsa kukatentha, ndi kutembenuza mazira pa nthawi yake.

Mwana wawo Lydia anali atamaliza dipuloma ya zamakompyuta zaka ziwiri m'mbuyomo, koma ntchito inali isanapezeke. Makalata anali atamwaza m'maofesi ambiri, ndipo awiri okha ndi amene anamuyankha, onsewo momukana. Atamva bambo ake akufunsa anthu komwe angagule chowongolera kutentha, anawauza kuti asavutike.

"Ababa, musagule chilichonse. Mutu wa makinawa ndipanga ine."

Anali ndi kakompyuta kamene anagwiritsa ntchito pa pulojekiti yake yomaliza ku koleji. Kanali kabolodi kobiriwira kosaposa chikhatho, kopanda sikirini, kopanda kiyibodi. Zonse zimene kankadziwa zinkakhala m'memore khadi yonga ya m'foni, kakhadi kakang'ono ngati chikhadabo kolowetsa kunsi kwa bolodi. Lydia analumikiza kachipangizo koyezera kutentha ndi chinyezi, maswichi a mababu, ndi mota ya waipa ya galimoto yoti izipendeketsa mathireyi. Analemba pulogalamu yake, ndipo patatha masabata atatu filijiyo inkadzisunga yokha pa madigiri 37 ndi theka, usana ndi usiku. Magetsi akazima, batire ndi inveta zinkalandira ntchito kwa maola angapo.

Ulendo woyamba anaswetsa anapiye 52 pa mazira 60. Ulendo wachiwiri ndi wachitatu zinayendanso bwino. Mbiri inafika kumsika, inafika kutchalitchi, anthu n'kuyamba kubweretsa mazira awo m'mabeseni ndi m'makatoni. Lydia ankalemba dzina la mwini pa dzira lililonse ndi pensulo. Bambo Josiah akamaonetsa alendo filijiyo ankaloza kabolodi kaja n'kunena kuti, "Izi ndi za injiniya wanga. Ine ndinangopanga nyumba."

Mu Epulo kakhadi kanafa. Mwayi unali woti filiji inali yopanda mazira, anali atangoitsuka kumene. Lydia anayatsa kakompyuta, getsi lofiira linayaka, lobiriwira osaphethira n'komwe. Anatulutsa kakhadi n'kukaika mu laputopu yake, laputopu osakaona. Ananena kuti kanali kachinyengo, poti anakagula kwa mavenda pa depoti. Anapita m'tauni kukagula kena m'sitolo yeniyeni, ka m'pepala lomata, n'kuikanso zonse kuchokera poyambira.

Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti kakhadi koyambako kanafa osasiya chizindikiro chilichonse cha zimene zinachitika. Anatsimikiza kuti zimenezi zisadzachitikenso. Anasintha pulogalamu kuti izilemba zonse sekondi iliyonse: kutentha, chinyezi, babu liti layaka, fani ikuzungulira bwanji. Anawonjezeranso kakamera koti kazijambula mathireyi mphindi iliyonse. Atamaliza anaona kuti wagwira ntchito yosamala kwambiri kuposa kale.

Kumayambiriro kwa Juni kunabwera Mayi Zipora, mnzawo wa kutchalitchi, amene ankasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde la nyumba yawo kumtunda kwa msewu. Anabwera ndi ndowa yodzaza utuchi, m'kati mwake muli mazira 42. Amayi awo anali atamwalira kumene ku Dedza, ndipo nkhuku zawo zazikulu zometeka m'khosi, zimene mayi wokalambayo anasunga mtundu wake kwa zaka zambiri, zina zinaphedwa pa maliro, zotsala abale anagawana n'kugulitsa. Mayi Zipora anangotola mazira amene anapeza m'zisa ndi kwa mlamu wawo, n'kuwanyamula pamiyendo m'basi ulendo wonse.

"Ndilibe thadzi lofungatira," anatero. "Ndipo awa ndi omaliza. Kulibenso kumene ndingakapeze ena."

"Mwafika pamalo pake, mayi," anayankha Bambo Josiah. "Masiku 21, mubwere ndi katoni."

Pamodzi ndi a anthu ena, mufiliji munalowa mazira 176. Pa tsiku lakhumi Lydia anawaunika ndi tochi limodzi ndi limodzi, ndipo mwa a Mayi Zipora, 38 anali ndi mitsempha yofiira komanso kanthu kakuda kogwedezeka m'kati. Anawatumizira chithunzi pa foni.

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri linali Lamulungu. Kutchalitchi kunali ubatizo ndi mgonero, kenako msonkhano wa mpingo, moti banja lonse linachoka pakhomo isanakwane eyiti n'kubwerera itadutsa thuu. Lydia ndiye anayamba kutsegula chipinda cha filiji. Mpweya umene unamuwomba kumaso unali wotentha ngati wa m'bekala. Kudzera pa galasi limene bambo ake anaika pa chitseko, anaona mababu onse anayi akuyaka, mathireyi atapendekekera mbali imodzi. Choyezera kutentha cha galasi chimene chinali lende m'katimo chinkaonetsa 47.

Anaitana bambo ake. Iwo anafika akadali m'jekete, anayang'ana kamodzi, n'kuzula pulagi pakhoma ndi waya wa batire. Anatsegula zitseko zonse ziwiri. Lydia anatenga tochi n'kuyamba kuunika. Dzira loyamba, zii. Lachiwiri chimodzimodzi. Anafika pa dzira la makumi atatu, bambo ake n'kumulanda tochiyo.

"Siya. Ukuona kuti apsa."

Mazirawo anawabwezerabe mufiliji, Bambo Josiah n'kumayatsa ndi kuzimitsa mababu pamanja kwa masiku asanu, akuyembekeza kuti mwina ena apulumuka. Palibe dzira limene linaswa, ngakhale limodzi. Pa tsiku lachisanu fungo linayamba kutuluka m'chipindamo mpaka pakhonde.

Lydia anaika kakhadi mu laputopu. Ulendo uno kanaoneka, koma theka la mafayilo linali zilembo zopanda tanthauzo, ndipo kankakana kulandira chilichonse chatsopano. Mzere womaliza umene unawerengeka unalembedwa mphindi 14 itadutsa naini m'mawa wa Lamulungu lija, ndipo unkanena kuti mababu ayatsidwa. Pamenepo pulogalamu inafuna kulemba mzere wotsatira, kakhadi kanakana, pulogalamu n'kuima. Mababu anatsala ali chiyakire, opanda wowauza kuti azime. Zolemba zake zambirimbiri zija zinangomuthandiza kudziwa mphindi imene mazira anayamba kupsa.

Eni mazira anabwera m'modzim'modzi. Ena analalata, ena anangopukusa mutu. Mayi Zipora anabwera Lachisanu masana ndi katoni yobowola-bowola, poti palibe amene anali atawauza. Bambo Josiah anawatulutsira mpando, n'kufotokoza. Mayiwo anamvetsera katoni ili pamiyendo.

"Ndiye kuti onse?"

"Onse, mayi. Pepani kwambiri."

"Magetsi anazima?"

"Ayi, magetsi analipo," anatero Lydia. "Kakompyuta ndi kamene kanaima. Khadi yake inafa."

"Khadi yanji?"

Lydia anakatenga n'kuwaonetsa pachikhatho. Mayi Zipora anakayang'ana nthawi yaitali osakagwira.

"Aphiri," anatero potembenukira kwa Bambo Josiah, "mukanandiuza kuti mwana akuphunzirira ntchito pa mazira anga, ndikanapita kukapempha thadzi kwa aneba. Ine ndimaona ngati ndi makina."

"Tikupatsani anapiye ena ulendo wotsatira, abwino, a mtundu waukulu."

"Kwa inu nkhuku ndi nkhuku," anayankha. Anaimirira, n'kusiya katoniyo pampando.

Madzulo ake Bambo Josiah analowa m'chipinda cha filiji ndi pulayala. Anadula mawaya onse opita ku kabolodi, anamasula masikuluwu, n'kukaika kakompyutako patebulo la pabalaza, pafupi ndi mbale ya shuga.

"Ababa, vuto ndi khadi, si kompyuta. Ndikagula ina yolimba."

"Yoyamba unati ndi ya mavenda. Iyi unagula m'sitolo. Yachitatu udzati chiyani?"

Funso limenelo linamuwawa Lydia kuposa mawu a Mayi Zipora. Anatha masiku atatu akuwerenga pa intaneti mpaka bandulo kutha, ndipo aliyense ankanena zake: wina kuti ndi chaja yofooka, wina kuti ndi kutentha, wina kuti makhadi onse ndi achinyengo. Anasintha chaja, anayeza magetsi ake, zonse zinali bwino. Pomaliza anaimbira a Herbert, amene ankawaphunzitsa za manetiweki ku koleji ndipo tsopano anali ndi kashopu kokonza makompyuta ku Nsungwi, ku Area 25. Anamuuza kuti abwere ndi zonse.

Anakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukwera ina ya ku Area 25, imene inaima pa siteji iliyonse kudikira anthu. Anafika dzuwa lili paliwombo, fumbi lili m'maso. A Herbert anali munthu wamtali wosathamangira kuyankhula. Anamusiya atakhala pa benchi kwa theka la ola akumalizitsa pulinta ya munthu wina, kenako anatenga kakhadiko n'kukalowetsa m'makina awo.

"Khadi iyi si yachinyengo," anatero patapita kanthawi. "Yadzitseka yokha. Khadi yabwino ikaona kuti yatha mphamvu imakana kulembedwa kuti ipulumutse zotsala. Yatha miyezi ingati?"

"Masabata asanu ndi awiri."

"Masabata? Umaichita chiyani?"

Lydia anatsegula laputopu n'kuwaonetsa pulogalamu. A Herbert anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pa sikirini. Atafika pena anaima.

"Apa ukulemba sekondi iliyonse."

"Eya. Ndimafuna ndizidziwa zonse."

"Mafayilo anayi. Ndipo mzere uliwonse ukuuza khadi kuti iusunge pompopompo, isadikire. Pa tsiku muli masekondi angati?"

"86,400."

"Chulukitsa kanayi. Ndiye uwonjezere zithunzi zako za mphindi iliyonse. Uwonjezere zimene sisitimu yoyendetsa kakompyutaka imalemba payokha, poti nayo ili ndi mabuku ake. Taona apa, ikudandaula kuti sikupeza intaneti, ndipo dandaulo limeneli yalilemba masekondi khumi aliwonse chiyambire. Kamera yako inkadzazanso RAM, memore ya kanthawi ya kakompyutaka, ndiye sisitimu inkabwereka malo pa khadi, kulemba, kufufuta, kulemba, kufufuta."

Anatenga pensulo ndi risiti yakale. Analemba nambala pakona, anafufuta ndi labala, analembanso pomwepo, anafufuta. Anabwereza mwina kakhumi mpaka pepala linabowoka.

"Khadi ndi chimodzimodzi. Kuwerenga sikuitopetsa, ungawerenge zaka. Koma malo aliwonse m'katimu ali ndi malire a kufufutidwa. Ndipo khadi sifufuta kamzere kamodzi, imafufuta tsamba lonse kuti isinthe mawu awiri. Iwe umalemba tinthu ting'onoting'ono, iyo imagwira ntchito yaikulu. Magetsi akathima ili m'kati molemba, ndiye zimaipiratu."

Kunja munthu wina ankayesa sipika, nyimbo imodzimodziyo kuyamba n'kuima.

"Ndiye kuti yoyamba ija inatha miyezi inayi chifukwa ndinkalemba pang'ono," anatero Lydia. "Iyi ndaipha ndekha."

"Waifulumizitsa. Koma cholakwa chachikulu si chimenecho." A Herbert anabweza kakhadiko patebulo. "Mababu ako amazima pokhapokha pulogalamu ikawauza. Pulogalamu ikafa, ndani azimitsa? Kanthu kangati chikhadabo sikayenera kukhala kokha pakati pa magetsi ndi mazira a anthu. Zimenezi tinakambirana m'kalasi."

"Sindikukumbuka."

"Mwina unajomba."

Sanajombe, ndipo ankadziwa kuti sanakambiranepo, koma sanafune kutsutsana nawo. Anatulutsa kope n'kulemba zimene ankamuuza. Zolemba za sisitimu zizikhala mu RAM, momwe zimafufutika kompyuta ikazima, osakhudza khadi. Kubwereka malo pa khadi kutsekedwe. Kamera ichoke. Kutentha kuziyezedwa sekondi iliyonse ngati akufuna, koma kuzisungidwa kamodzi pa theka la ola, ndipo pa fulashi yapadera, osati pa khadi. Pulogalamu ikalephera kulemba izingopitiriza ntchito yake. Zonse zikatheka, khadi itsekedwe kuti izingowerengedwa basi. Pakhale khadi ina yofanana ndendende, yomatidwa ndi selotepi pambali pa bolodi. Ndipo pa waya wa mababu pakhale themositati wamba, yopanda nzeru iliyonse, yoti izidula magetsi kutentha kukafika 39.

"Ndi ntchito ya masiku awiri," anatero a Herbert. "Ukanabwera mu Epulo."

Mawu amenewo anayenda nawo m'minibasi zonse ziwiri.

Atafika kunyumba anapeza bambo ake ali pansi m'chipinda cha filiji, akumangirira kabokosi kakuda kokhala ndi manambala ofiira. Anali atagula themositati m'tauni m'mawa womwewo.

"Imeneyo ndi yomwe a Herbert anena," anatero Lydia. "Tiziigwiritsa ntchito ngati chotetezera. Kompyuta izilamulira, iyo izidula zikavuta."

"Iyi izilamulira yokha."

"Ababa, ndapeza chimene chinalakwika. Ndikhoza kukufotokozerani."

"Ukawafotokozere Mayi Zipora."

"Mwina mungomva kaye."

"Lydia, ine ndatha sabata ndikupepesa anthu pakhomo panga. Kutchalitchi ndikukhala kumbuyo. Wogulitsa wanena kuti kanthu aka kalibe khadi, kalibe pulogalamu, ukakauza 37 kamagwira 37. Ndi zimene ndikufuna."

Lydia anatenga kabolodi patebulo n'kulowa nako kuchipinda.

Ntchito ya masiku awiri inatenga sabata ndi theka. Anagula makhadi awiri atsopano, ina yogwiritsa ntchito, ina yosunga. Anasamutsa zolemba za sisitimu, koma RAM inadzaza patatha tsiku limodzi chifukwa anaiwala kuika malire, kakompyuta n'kuuma gwa. Anakonza. Analembanso pulogalamu yonse kuti izisunga manambala m'mutu n'kuwatsitsira pa fulashi kawiri pa ola. Anatseka khadi. Kenako anaona kuti nthawi yotembenuzira mazira anailemba molakwika, anaikonza, anazimitsa n'kuyatsanso, cholakwikacho n'kubwerera. Anakonzanso, chinabwereranso. Anachita zimenezi kanayi masana onse, akutukwana chamumtima, mpaka anakumbukira kuti khadi anaitseka yekha, ndipo chilichonse chimene ankasintha chinkathera mu RAM. Anakankha laputopu n'kutuluka panja kukachapa zovala zimene zinali zoyera kale.

Popeza filiji anamuletsa, anapanga yake ndi katoni ya sopo, babu limodzi ndi mabotolo a madzi m'malo mwa mazira. Ankazula pulagi dala kakhumi pa tsiku, nthawi zina kakompyuta kali m'kati moyaka, kuti aone ngati khadi iwonongeka. Sinawonongeke. Anazula fulashi pulogalamu ikuyenda, babu linapitiriza kuyaka ndi kuzima pa nthawi yake. Anaimitsa pulogalamu dala, ndipo kakompyuta kanadzizimitsa n'kudziyatsa kokha pasanathe mphindi, babu lili lozima. Anawerengera zimene zinkalembedwa pa khadi pa tsiku: palibe.

Anaitana bambo ake kuti adzaone. Anaima pakhomo la chipinda, manja ali kumbuyo.

"Onani, ndazula. Ndabwezera. Kayambiranso kokha."

"Kale kankagwiranso ntchito ukamakayang'ana," anatero, n'kupita.

Mufiliji munali mazira 48 okha, a nkhuku zawo ndi a mchemwali wawo wa ku Kawale. Anthu ena onse anali atasiya kubwera. Themositati inkagwira kutentha, koma sinkadziwa kutembenuza mazira, choncho Bambo Josiah ankapendeketsa mathireyi pamanja m'mawa, masana ndi madzulo, n'kumachonga pa kalendala. Ulendo umenewo anaswa 29. Iwo anati ndi chifukwa cha kuzizira kwa Julayi. Lydia anaganiza kuti ndi kutsegulatsegula zitseko, koma sananene.

Mu Ogasiti kunabwera ntchito ya geti ndi mawindo a nyumba yatsopano ku Area 47, ya masabata atatu, yoti sakanatha kuikana. Ankayenera kuchoka m'mamawa n'kubwera dzuwa litalowa. Amayi a Lydia ankakhala kumsika tsiku lonse. Dzulo lake la tsiku loyamba ntchitoyo, atamaliza kudya, Bambo Josiah anayankhula akuyang'ana wailesi.

"Uzitembenuza mazira katatu. Ndakulembera nthawi pa kalendala."

"Lachitatu ndi Lachinayi ndili ndi intavyu m'tauni. Sindikudziwa kuti ndibwera nthawi yanji."



"Mota ija ikadali pamalo pake," anatero Lydia. "Mawaya awiri okha."

"Kutembenuza kokha?"

"Ndi kuyeza. Kazingoyang'ana n'kumalemba."

"Mababu usawakhudze."

"Ababa, themositati yanu ikhoza kukhalabe pamenepo ngati..."

"Ndati mababu usawakhudze. Ukawakhudza ndikaponya m'chimbudzi."

Anavomera. Anamangirira kabolodi pamalo pake akale, analumikiza mota ndi choyezera, anamata khadi yosunga ija pambali. Mawaya a mababu amene bambo ake anadula anawakulunga ndi tepi n'kuwasiya ali lende. Gawo lalikulu la ntchito imene anaivutikira sabata ndi theka linali loti silidzagwiritsidwa ntchito, ndipo nthawi iliyonse akalowa m'chipindamo maso ake ankayamba kugwera pa mawayawo.

Intavyu sinaphule kanthu. Ankafuna munthu wa zaka zisanu pa ntchito, ndipo anamuuza zimenezi atamudikiritsa kuyambira eyiti mpaka wani. Koma atabwera kunyumba anapeza mathireyi atatembenuka pa nthawi yake, ndipo pa fulashi panali mizere yake, iwiri pa ola, yopanda kudumpha. Sabata imeneyo magetsi anazima kasanu, kawiri mpaka batire kutha, ndipo nthawi zonse kakompyuta kanadzuka bwinobwino.

Pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, akuwerenga manambala aja, anaona kuti kutentha kwa mufiliji sikunkafika 37 ndi theka. Kunkangoyenda pakati pa 36.4 ndi 36.8, pamene themositati inkaonetsa 37.5 ndi manambala ake ofiira. Anakayika choyezera chake. Anabwereka choyezera kutentha kwa thupi kwa nesi wina woyandikana nawo, anachiika pakati pa mazira kwa mphindi khumi, ndipo chinagwirizana ndi chake. Themositati inkanama ndi pafupifupi digiri yathunthu.

Akanatha kuisintha yekha, mabatani ake anali atatu okha. Anaima patsogolo pake kanthawi, kenako anadikira bambo ake. Atabwera, asanasambe n'komwe, anawapatsa pepala limene anakoperapo manambala a masiku asanu ndi limodzi, ndi choyezera cha nesi chija. Bambo Josiah anavala magalasi, anawerenga, analowa m'chipinda cha filiji n'kuyeza okha. Anayeza kawiri, thireyi yapamwamba ndi yapansi. Kenako anadina batani mpaka manambala ofiira anafika 38.4, n'kutseka chitseko.

"Mwina n'chifukwa chake ulendo watha anaswa ochepa," anatero Lydia.

"Mwina."

"Mukanalola kompyuta kuti igwire mababu, bwenzi..."

"Mawa uyezenso, undiuze," anatero, akupita kukasamba.

Ulendo umenewo anaswa 47 pa 56. Mu Okutobala anthu awiri a kumsika anabweretsanso mazira, mu Disembala anafika asanu ndi mmodzi. Mayi Zipora sanabwerenso. Kutchalitchi ankapereka moni kwa Bambo Josiah ndi akazi awo, ndipo kwa Lydia ankangogwedeza mutu. Lydia analemba uthenga wopepesa katatu konse pa foni, n'kuufufuta katatu konse, poti chilichonse chimene ankalemba chinkathera pa kufotokoza za khadi.

Khadi yachitatu inadutsa nyengo ya mvula yonse, inafika Juni wina, ikadali yamoyo. Lydia anatchulanso za mababu kawiri m'chaka chimenecho. Ulendo woyamba bambo ake anati adikire anapiye a Khirisimasi atuluke kaye. Ulendo wachiwiri anati aganiza, ndipo sabata yomweyo anagula themositati ina n'kuisunga mu kabati kuti yoyambayo ikadzafa asadzasowe pogwira.